Ndalama za Alendo ndi Mvula ya m'Minda Yathu



Mvula ikakata, udzu nuyamba kuuma, miseu ya kunyanja ndi ya kumapiri idzala ndi magalimoto a alendo ocokera kutali. Ena adza kudzasambira ku Mangochi ndi ku Nkhata Bay, ena kudzakwera phiri la Mulanje, ena kudzaona njobvu ku Liwonde ndi ku Majete. Mabanja ambiri a inu owerenga apeza ufa ndi mcere mwa alendo amenewa: pali mnyamata wosenza akatundu ao pokwera phiri, pali namwali wophika ndi kucapa m'nyumba zao zogona, pali bambo wosema ziboliboli, pali mai wogulitsa matimati ndi mazira kuhotela. Tsono masiku ano kwamveka mau akuti ndege imene idza ndi ndalama za alendo, ndiyo yomwe isokoneza mvula ya alimi. Kodi mau amenewa ngoona? Ndipo ngati ali oona, Mkristu wa pamudzi acitenji? Mwezi uno tiyeni tikhale pansi tiiunike nkhaniyi mofatsa, pakuti ikhudza nkhokwe ya banja liri lonse.

Cuma cimene alendo adza naco

Tiyambe ndi zokoma, pakuti ziripo zambiri. M'caka ca 1950 anthu amene anaoloka malire a dziko lao kukaceza kwina anali ngati 25 miliyoni pa dziko lonse lapansi. Pofika caka ca 2019 anali atayandikira 1,500 miliyoni. Akatswiri owerengera cuma ati pa nthawi imeneyo, mwa anthu 10 ali onse a panchito, mmodzi anali kupeza zosowa zace mwa nchito za maulendo ndi za alendo.

Ndalama ya mlendo iri ndi miyendo. Iye akalipira cakudya kuhotela, mwini hotela alipira msodzi amene anadza ndi cambo. Msodzi alipira mmisiri wokhoma bwato. Mmisiri agula cimanga kwa mlimi. Mlimi alipirira mwana wace sukulu. Taonani, ndalama imodzi yalowa m'nyumba zinai. Ndiponso mlendo adza ndi ndalama za maiko akunja, zimene dziko lathu lizisowa kwambiri pogula mankhwala, feteleza ndi mafuta a galimoto. Izi ndizo anena ophunzira akamati cuma ca dziko cirikukwera: ndiko kuti zolimidwa, zopangidwa ndi zogulitsidwa za caka cino zaposa za caka catha.

Ngakhale nyama za m'chire zapindula. Akulu a ku Chikwawa akumbukira kuti pofika caka ca 1992 njobvu zonse za m'nkhalango ya Majete zinali zitaphedwa. M'caka ca 2003 boma linapangana ndi bungwe la African Parks kuti lisamale nkhalangoyo. Zipembere zinabwezedwamo caka comweco, njobvu m'caka ca 2006, mikango m'caka ca 2012. Njobvu zinaswana kotero kuti m'zaka za 2016 ndi 2017 zoposa 500 zinasamutsidwa ku Majete ndi ku Liwonde, zambiri mwa izo nizipita ku Nkhotakota. Ndalama zimene alendo apereka pacipata zithandiza kulipira alonda a nyamazo. Ku Mua nako, kumene ansembe a cipani ca White Fathers anatsegula misyoni m'caka ca 1902, Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a KuNgoni m'caka ca 1976. Alendo adza kudzaphunzira miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao, ndipo amisiri osema apeza pogulitsa nchito ya manja ao.

Koma makolo athu anati mlendo ndi mame. M'caka ca 2020, pamene mliri wa Covid-19 unatseka malire a maiko, mwa alendo 10 oposa 7 anakhala kwao. Nyumba zogona alendo zinatsekedwa, anchito nabwerera kumudzi cimanjamanja. Amene anali atataya khasu cifukwa ca ndalama za alendo anaona zakuda.

Utsi wosaoneka ndi maso

Tsopano tinene za mtengo wace wa cuma cimeneci. Mafuta, malasha, makala ndi nkhuni zikapsa, zitulutsa mpweya umene ophunzira auchula kaboni. Mpweya umenewu suoneka, ndiponso ulibe pfungo. Mlengi anauika pang'ono mlengalenga kuti ukhale ngati bulangete lofunditsa dziko, pakuti usunga kutentha kwa dzuwa. Popanda uwo dziko likadazizira kosakhalika. Mitengo ndi udzu ziumwa pokula. Koma ciyambire pamene anthu anaphunzira kuyendetsa makina ndi malasha ndi mafuta okumba pansi, bulangete lija lakhuthala. Kale mwa magawo miliyoni imodzi a mpweya wa mlengalenga, magawo 280 anali a kaboni; tsopano apitirira 420. Munthu wofunda mabulangete awiri m'mwezi wa Okutobala sapeza tulo.

Caka ca 2024 cinatentha koposa zaka zonse za m'mbuyo mwace zimene anthu anaziyesa, ndipo cinaposa zaka za 1850 kufikira 1900 ndi madigiri ngati 1.5. Wina angaseke nati, Digiri ndi theka nciani? Koma mai ali yense adziwa kuti thupi la mwana likatentha ndi digiri ndi theka, ambereka nathamanga naye kucipatala.

Nanga alendo alowapo bwanji? Ndege ikaocha kilogalamu imodzi ya mafuta, itulutsa makilogalamu oposa 3 a kaboni, cifukwa mafuta popsa aphatikana ndi mpweya wa mlengalenga. Munthu mmodzi wocoka ku London kudza ku Lilongwe ndi kubwerera kwao, gawo lace la utsi wa ndege liposa tani imodzi, ndiko kulemera kwa matumba 20 a cimanga a makilogalamu 50. Mmalawi, tikawerenga mafuta, malasha ndi simenti zimene dziko lathu ligwiritsa nchito, atulutsa ngati matumba 2 pa caka cathunthu. Munthu wa ku America atulutsa ngati matumba 280. Cotero ulendo umodzi wa mlendo uja ulingana ndi zaka 10 za Mmalawi.

M'caka ca 2018 Manfred Lenzen ndi anzace a pa sukulu yaikulu ya Sydney ku Australia anafalitsa zimene anapeza atawerengera maiko 160. Iwo sanawerenge ndege zokha, koma magalimoto, sitima, mahotela, zakudya ndi zonse zimene anthu a paulendo agula. Anapeza kuti mwa magawo 100 a mpweya wotenthetsa dziko, magawo 8 acokera ku maulendo otere. Ndi kuti pakati pa 2009 ndi 2013 mpweyawo unakwera kucokera pa matani 3,900 miliyoni kufika pa matani 4,500 miliyoni pa caka. Maiko amene anatsogola ndiwo America, China, Germany ndi India.

Kodi cuma cidzasesa cokha pabwalo?

Alipo ophunzira ena amene ati, Musade nkhawa. Dziko likayamba kulemera utsi uculuka; koma likalemera ndithu, ligula makina abwino, liika malamulo, utsi nucepa. Maganizo amenewa anamveka kwambiri m'caka ca 1991 mwa Gene Grossman ndi Alan Krueger a ku America, ndipo pa zinthu zina ali oona. M'caka ca 1952 utsi wa malasha unakuta mzinda wa London masiku owerengeka, nupha anthu zikwi zambiri. M'caka ca 1956 boma lao linaika lamulo loletsa utsi wotere, mzinda nuyera.

Koma utsi wa ku London unali kutsamwitsa eni ace, ncifukwa cace anafulumira kuucotsa. Kaboni satsamwitsa womtulutsa. Akwera kumwamba, nakhala komweko zaka mazana, nabvuta anthu a kutali ndi ana osabadwa. Ndiponso ophunzira a ku Sydney aja anapeza kuti munthu akamalemera ayenda maulendo ambiri ndi akutali, osati ocepa. Inde, ndege za makono zimwa mafuta pang'ono pa munthu ali yense koposa zakale. Koma okwera aculuka msanga koposa m'mene mafutawo acepera. Ziri ngati mai amene wagula mbaula yosatha nkhuni, koma tsopano aphikira anthu makumi atatu m'malo mwa atatu: nkhuni zidzathabe. Cotero zinthu zitatuzi zamangidwa pa cingwe cimodzi: cuma cibala maulendo, maulendo abala cuma cina, ndipo zonse ziwiri zibala utsi. Cingwe cimeneci sicimasuka cokha. Cifuna anthu ocimasula dala.

Utsi wa kutali ufika m'munda mwathu

Mpweya sudziwa malire a maiko. Mlengalenga mukatentha ndi digiri imodzi, musunga madzi oonjezera magawo 7 pa 100; ndipo nyanja zazikulu zikafunda, anamondwe apeza mphamvu. Cifukwa cace mvula idza mwaukali pa masiku ocepa, kapena icedwa, kapena ithawa cimanga cirikumasula. Sitinena kuti cilala ciri conse ndi ca ndege iai. Agogo athu asimba za njala ya 1949, pamene maulendo otere anali asanaculuke. Cimene tinena ndi cakuti masoka amene kale anali kudza patalipatali, tsopano atsatana ngati mikanda.

M'mwezi wa Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la magetsi la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nilitaya ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a magetsi ace kwa nthawi yoposa caka. Mahotela ndi masitolo anayatsa makina a dizilo. Utsi unabala utsi unzace. M'mwezi wa Marici 2023 namondwe Freddy anagwetsa matope ndi miyala ku Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe: anthu oposa 600 anafa, oposa 500 anasowa osaonekanso, oposa 600,000 anasiya nyumba zao. M'mwezi wa Marici 2024 boma linalengeza tsoka la cilala m'maboma 23 mwa 28. Caka comweco nyanja inasefukira, nilowa m'nyumba zogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Onani tsono kuti nchito ya alendo idzilasa yokha, pakuti mlendo sadza kumene milatho yakokoloka ndi kumene mcenga wa m'gombe wamira.

Makolo anati walira mvula walira matope. Koma pa nkhani iyi mvula igwa kwina, matope nagwa kwina. Gawo lalikulu la ndalama za ulendo mlendo alipira asanacoke kwao, kwa eni ndege ndi kwa okonza maulendo. Ndipo zakumwa ndi zakudya zambiri za m'mahotela zicokera kunja. Matope agwera mlimi wa ku Nsanje, amene ndege angoiona m'mitambo.

Utsi wa ife eni

Komabe cala siciloza mwini. Matumba 2 aja sawerenga mitengo imene igwa m'dziko lathu, ndipo mtengo ukapsa ubweza mlengalenga kaboni yense amene unamwa pa moyo wace. Mwa mabanja 10 a m'Malawi, oposa 9 aphika ndi nkhuni kapena makala. Nyumba zambiri za alendo zimangidwa ndi njerwa zoocha ndi mitengo yaiwisi ya m'phiri. Mphingo umene usemedwa masiku atatu unakula zaka makumi ambiri. Mkungudza wa pa Mulanje, umene sumera wokha kwina kuli konse pa dziko lapansi, watsala pang'ono kutheratu cifukwa ca macheka ndi moto. Ndipo caka ndi caka chire lipsa cifukwa ca mbewa zosadzaza mbale.

Phiri lopanda mitengo silisunga madzi: dothi litsikira m'mitsinje, likwirira moswanirana nsomba, nilitseka makina a magetsi pa Shire. Bungwe la UNESCO linalemba m'gulu la cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi malo osungidwa a nyanja ya ku Cape Maclear m'caka ca 1984, zojambula za m'mapanga a Chongoni m'caka ca 2006, ndi phiri la Mulanje m'caka ca 2025. Ulemu umenewu uitana alendo. Koma palibe mlendo adzalipira ndalama kudzaona zitsa.

Kodi titseke khomo?

Iai, abale. Buku la Genesis litisimbira za Abrahamu, amene anathamangira alendo atatu ku Mamre nawaphera mwana wa ng'ombe, ndipo mwa iwo analandira lonjezo la Mulungu. Kulandira mlendo ndi mwambo wa makolo, ndiponso nchito ya cifundo ya Mkristu. Tikatseka khomo dziko silizizira. Alendo angokwera ndege yomweyo kunka kwina, alonda a nkhalango asowa malipiro, opha njobvu nabwerera. Funso loyenera ndi ili: pa thumba liri lonse la utsi limene ulendo watulutsa, kodi zabwino zotsala m'dziko ndi zingati?

Taganizani alendo atatu okhala sabata imodzi imodzi, ndi mlendo mmodzi wokhala masabata atatu. Usiku wogona ndi mbale za cakudya ziri cimodzimodzi, koma utsi wa ndege wa mmodziyo uli gawo limodzi mwa atatu. Cotero nzeru siiri pa kuculukitsa mitu ya alendo, koma pa kuwakhalitsa ndi kuwadyetsa za m'dziko momwemo. Tisapeputsenso alendo apafupi, a ku Zambia, a ku Mozambique ndi Amalawi eni, amene adza pa basi kapena akwera sitima ya Ilala. Utsi wao ngocepa, ndipo ndalama zao zithera m'misika yathu.

Maiko ena ayesa njira zace. Ku Rwanda, ciyambire 2017, mlendo wofuna kuona anyani akuluakulu a m'mapiri a kumeneko alipira madola 1,500, ndipo alowa owerengeka pa tsiku. Magawo 10 pa 100 a ndalama za nkhalango apita ku midzi yozungulira, kukamanga sukulu, zipatala ndi mosungira madzi. Ku Costa Rica, dziko laling'ono la ku America wapakati, nkhalango zinali zitatha kwambiri m'zaka za m'ma 1980. M'caka ca 1996 anaika lamulo lakuti gawo la msonkho wa mafuta lidzilipira alimi osunga mitengo m'malo mwao. Lero nkhalango zaphimba koposa theka la dziko, ndipo ndizo ziitana alendo. Pamenepo utsi walipira mitengo, mitengo niitana cuma. Kwathu kuno, magetsi a dzuwa anayamba ku Salima m'caka ca 2021 ndi ku Golomoti m'caka ca 2022. Dzuwa lomwelo lingatenthetse madzi osamba alendo popanda kugwetsa mtengo.

Zoti ticite m'banja ndi m'mudzi

Coyamba, inu amene ana anu agwira nchito kwa alendo, sandutsani mame akhale citsime: gulani mbuzi, bzalani mitengo ya zipatso, lipirirani ana sukulu, ndipo munda musausiye.

Caciwiri, inu alimi okhala pafupi ndi nyanja ndi nkhalango, gwirizanani m'magulu kuti mudzipereka ndiwo zamasamba, mazira, uci ndi mpunga kumahotela mosadukiza. Mutu umodzi susenza denga; mwini hotela safuna dengu limodzi lero ndi kusowa mawa. Kabici wa m'dimba lanu sanakwere lole kucokera ku Johannesburg, ndipo ndalama yace igona m'mudzi.

Cacitatu, inu osema ndi inu oocha makala, musadule mtengo osabzala ina, ndipo imene mwabzala muithirire ndi kuilambulira moto usanafike. Amai, umbani kapena gulani mbaula ya citetezo, imene idya nkhuni zocepa koposa mafuwa atatu.

Cacinai, inu mafumu ndi akulu a mpingo, munthu akadza kupempha malo a m'gombe kuti amange nyumba ya alendo, mfunseni pabwalo anthu onse alikumva: Udzalemba ana athu angati? Nkhuni udzazitenga kuti? Madzi oipa udzawataya kuti? Kodi asodzi ndi amai otunga madzi adzakhala nayo njira yao? Mayankho ace alembedwe papepala, pakuti madzi akatayika saoleka.

Cacisanu, m'miphakati mwanu sankhani malo, kaya kumanda, kaya m'mbali mwa mtsinje, kaya pa bwalo la chalichi, pamene mudzabzala mitengo mvula ikadza, ndipo muike anthu oisamala ndi maina ao.

Mau otsiriza

M'caka ca 2015 Papa Francisco analembera anthu onse kalata yochedwa Laudato Si', m'mene anaphunzitsa kuti dziko lapansi ndi nyumba ya ife tonse, ndi kuti maiko olemera ali ndi ngongole kwa maiko osauka cifukwa ca kuononga cilengedwe. Caka comweco maiko anapangana ku Paris kuti acepetse utsi, ndipo m'caka ca 2022 ku Sharm el-Sheikh anabvomereza kukhazikitsa thumba lothandiza maiko ogwa m'masoka a nyengo. Atsogoleri athu akamakumbutsa za malonjezo amenewa sapempha mphatso, afunsa cilungamo. Koma wofunsa cilungamo ayenera kufika pabwalo ndi manja oyera, phiri la kwao liri ndi mitengo.

Mwezi uno, popemphera korona madzulo m'banja, kumbukirani onse a paulendo, onse owatumikira, ndi onse amene minda yao inakokoloka kapena kupserera. Pemphani Francisco Woyera wa ku Assisi, amene Eklezia anamuika m'caka ca 1979 akhale nkhoswe ya osamala cilengedwe, kuti atipempherere nzeru yolandira mlendo osagulitsa mvula ya adzukulu athu. Mulungu Mphambe akudalitseni, inu ndi ana anu ndi minda yanu.